Kodi mbalame iyi ndi haibulidi? Mafunso ndi mayankho kwa okonda mbalame mu Lusaka

Mvula yoyamba ikangogwa, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za mbalame. Wina wajambula pampanda ku Chilenje, wina mumtengo wa mango ku Chelston, wina pawaya wa magetsi ku Matero, koma funso limakhala lomwelo: "Mbalame iyi m'buku mulibe, kodi si haibulidi?" Ndayankha anthu mmodzimmodzi kwa zaka zingapo, ndiye ndaona kuti ndi bwino mafunsowo ndiwaike pamodzi. Ndinene msanga maganizo anga. Mbalame zosakanizika mtundu zilipo ndithu, ndipo nkhani yake ina yokoma kwambiri inafufuzidwa muno mu Zambia. Koma zithunzi zimene zimandifika, pafupifupi zonse, zimakhala za mbalame wamba imene yakumana ndi munthu pa nthawi imene sikuoneka monga m'buku.

Kodi haibulidi ya mbalame n'chiyani kwenikweni?

Ndi mwana amene bambo wake ndi wa mtundu wina, mayi wake wa mtundu winanso. Mawuwa tinawazolowera ku chimanga, koma kumeneko amasakaniza mbewu za chimanga chokhachokha. Chitsanzo choyandikira ndi nyulu, mwana wa bulu wamphongo ndi hatchi yaikazi. Kwa mbalame zoimba izi zimachitika pakati pa mitundu ya pachibale chenicheni, imene inasiyana posachedwa pa mbiri ya zamoyo: pumbwa ndi pumbwa wa mtundu wina, namzeze ndi mbale wake. Pumbwa ndi njiwa sangaberekane ngakhale atakhala mumtengo umodzi moyo wawo wonse.

Zimachitikadi kuthengo, kapena ndi za m'makola okha?

Zimachitika kuthengo. Mu 1992 Peter ndi Rosemary Grant anawerengera n'kupeza kuti pafupifupi mtundu umodzi pa mitundu 10 iliyonse ya mbalame padziko unadziwikapo kuti unaberekana ndi mtundu wina. Owerengera a pambuyo pake anapeza chiwerengero chokulirapo. Koma apa m'pamene anthu amasokonezeka. Kunena kuti mtundu unaberekanapo ndi wina sikutanthauza kuti mahaibulidi ali ponseponse. Mwina zinaoneka kamodzi kokha pa zaka 100. Pamene ena anasanthula zimene oona mbalame ku United States analemba pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene munthu waona, anapeza kuti mahaibulidi sanakwane ngakhale imodzi pa mbalame 1,000 zilizonse, ndipo ambiri mwa iwo anali abakha ndi mbalame za m'madzi. Mwa mbalame zoimba ndi zosowa koposa apo.

Kumene zimachuluka ndi kumalire, kumene dera la mtundu wina limathera, la unzake n'kuyambira. Ku Ulaya kuli akhwangwala awiri, wakuda bii ndi wina wa thupi lotuwa, amene amakumana m'kachigawo kopapatiza kodutsa ku Scotland, ku Germany m'mbali mwa mtsinje wa Elbe, mpaka kumpoto kwa Italy. M'kachigawo kameneko akhwangwala a maonekedwe a pakatikati si achilendo. Khwangwala wathu wa pachifuwa poyera, yemwe uja amafukula zinyalala ku msika wa Soweto muno mu Lusaka, nayenso amaberekana ndi khwangwala wakuda wa ku Ethiopia ndi Somalia kumene awiriwo amakumana. Kuno ku Lusaka mbale wakeyo kulibe.

N'chiyani chingapangitse mbalame kusiya a mtundu wake?

Kawirikawiri ndi kusowa. Mbalame imene yasochera kapena ili kumapeto kwa dera la mtundu wake imafika nyengo yomanga chisa popanda mnzake woyenera, ndiye imalola amene alipo. Chifukwa china ndi kuphunzira molakwika. Mbalame yoimba siibadwa ikudziwa zonse za mtundu wake. Imaphunzira ili m'chisa kuti "wathu" amaoneka bwanji ndi kuimba bwanji, ndipo ikaleredwa ndi ena kapena kukulira pakati pa nyimbo za ena, imasankha molingana ndi zimene inamva. Chachitatu ndi ife anthu: tikadula nkhalango, tikatsegula minda, tikabweretsa mbalame za kwina, timakumanitsa mitundu imene kale inali yotalikirana.

Pabwalo pathu pamabwera pumbwa wa mutu woyera. Si haibulidi ameneyu?

Funsoli linachokera kwa mayi wina wa ku Kabwata, ndipo chithunzi chawo chinali chomveka bwino: pumbwa weniweni, chikasu chake kunsi kwa mchira chilipo, msinkhu womwewo, mlomo womwewo, koma theka la mutu ndi nthenga ziwiri za phiko limodzi zili mbuu. Ndinawayankha kuti, "Amayi, ameneyu ndi pumbwa wathu yemwe, kungoti nthenga zina sizinalandire utoto." Vutoli limatchedwa leucism, ndipo limaoneka mwa apumbwa, mpheta, akhwangwala ndi zina zambiri. Chizindikiro chake n'chakuti kuyerako kumagwa mwachisawawa, phiko lina loyera lina ayi, ndipo china chilichonse pathupi chimakhala cha mtundu umodzi. Dzifunseni kuti, ngati ndi haibulidi, kholo linalo ndi ndani? Kodi pali mbale wa pumbwa wa mutu woyera amene amakhala mu Lusaka? Palibe.

Apumbwa amaberekanadi ndi abale awo, koma kumwera. Wathuyu m'mabuku ndi Dark-capped Bulbul, wa chikope chakuda. M'madera ouma a ku Namibia, Botswana ndi pakati pa South Africa muli African Red-eyed Bulbul, wokhala ndi mkombero wofiira kuzungulira diso, ndipo chakumwera kwenikweni kuli Cape Bulbul wa mkombero woyera. Kumene amakumana kumapezeka apumbwa a mkombero wopyapyala, wosafiira kwenikweni, wosada kwenikweni. Choncho pa pumbwa, malo oyang'ana ndi diso, osati mawanga oyera.

Nanga atchete ndi mbalame zina zamawangamawanga zimene zimaoneka mu Novembala?

Apa ndiye pamachokera zithunzi zambiri. Atchete, mbalame zofiira ndi zakuda za m'madambo zija, ndi zija za michira yaitali, zamphongo zake zimavala kawiri pachaka. M'chilimwe zimakhala zotuwa ngati mpheta, zosasiyana kwenikweni ndi zazikazi. Mvula ikayandikira zimayamba kuthothola nthenga zakale n'kumeretsa zokongola, ndipo kusinthaku sikutha tsiku limodzi. Kwa milungu ingapo tchete amayenda ndi nkhope theka yakuda theka yachikasu, ndipo mbalame ya m'dambo imakhala ndi zigamba zofiira pathupi lotuwa ngati yathiridwa penti. Mvula ikatha zimabwereranso, ndiye chisokonezo chomwecho chimadzanso cha mu Epulo ndi Meyi. Mabuku ambiri amajambula chovala choyamba ndi chomaliza, chapakatichi ayi.

Onjezani ana a mbalame. Mwana wotuluka kumene m'chisa amakhala ndi mchira waufupi, m'mbali mwa mlomo motuwa ndi mofewa, ndipo mitundu ina ana ake amakhala ndi madontho amene makolo alibe. Onjezaninso zodetsa. M'miyezi yozizira maluwa a aloe akamasula, apumbwa ndi atchete amalowetsa mitu m'maluwamo n'kutuluka nkhope zili psuu ndi mungu. Ndinaonapo pumbwa wotero pafupi ndi maiwe a Goma ku yunivesite ya UNZA, nkhope yonse yalalanje, ndipo ndinaima naye nthawi ndithu mpaka anapukutira mlomo panthambi, ufa wina n'kugwa. Dothi lathu lofiira nalonso limadetsa mbalame zosamba m'fumbi.

Tsono haibulidi yeniyeni imaoneka bwanji?

Imakhala ndi zizindikiro za mitundu iwiri yodziwika, ndipo zizindikirozo zimagwa mwadongosolo, mbali zonse ziwiri za thupi mofanana. Sikuti mtundu wa nthenga wokha ndiwo umasintha. Kutalika kwa mchira, kukula kwa mlomo, kutalika kwa mapiko, zonsezi zimakonda kugwera pakati pa bambo ndi mayi. Ndipo payenera kukhala njira yoti makolo awiriwo anakumanira: malo amodzi, nyengo imodzi yoswana.

Koma musayembekezere kuti nthawi zonse mwana agawa pakati ndendende. Mahaibulidi ena amatenga nkhope ya kholo limodzi ndi thupi la linalo, ena amatulutsa maonekedwe amene makolo onse alibe. Ku North America kuli timbalame tiwiri ta pachibale, Blue-winged Warbler ndi Golden-winged Warbler. Ana awo amatuluka mosiyana ndi makolo mwakuti akatswiri a m'zaka za m'ma 1870 anawayesa mitundu yatsopano n'kuwapatsa mayina awoawo, Brewster's Warbler ndi Lawrence's Warbler. Mayinawo akadalipo mpaka lero, ngakhale zinadziwika kuti ndi mahaibulidi. Ndipo haibulidi ikakwatirana ndi wa mtundu wa kholo limodzi, ana ake n'kuteronso, zidzukulu zimafika pofanana ndi mtundu umodzi kotheratu, kungotsala kachizindikiro kamodzi kapena osatsala n'komwe. Zoterozo ndi maso sungazigwire.

Kodi nyimbo singathetse mkangano? Ikaimba ngati mitundu iwiri, si umboni umenewo?

Funso ili ndimalikonda kuposa onse, ndipo ndichedwapo.

Njiwa imalira monga inabadwira, ngakhale italeredwa ndi ndani. Mbalame zoimba sizitero. Nyimbo yake zimaphunzira, monga mwana wa munthu amaphunzirira chilankhulo. Mwana wa Mchewa wokulira ku Kitwe amalankhula Chibemba, koma magazi ake sanasinthe. Choncho nyimbo imakuuzani amene mbalameyo inamumva ili yaing'ono, ndipo nthawi zina zimenezo zimasiyana ndi amene anaibereka. Pali ngakhale mbalame zimene ntchito yake ndi kutola nyimbo za ena. Marsh Warbler, kambalame kotuwa kochokera ku Ulaya kamene kamabisala m'zitsamba zathu nthawi ya mvula, anakafufuza Françoise Dowsett-Lemaire, yemwenso ndi mmodzi mwa olemba buku la The Birds of Zambia la mu 2008. Anapeza kuti kamphongo kamodzi kamatsanzira mitundu yoposa 70, yambiri mwa iyo ya kuno ku Africa. Kameneko si kahaibulidi, ndi katswiri wotsanzira basi.

Tsopano bwerani pabwalo panu. Mukudziwa kambalame kofiira kaja kamene kamatola gaga ndi misere pafupi ndi khitchini, kosaopa anthu, komanga chisa m'denga la udzu kapena mumpanda wa maluwa? M'mabuku ndi Red-billed Firefinch. Mvula ikamapita kumapeto, yang'anani pansonga pa mtengo kapena pawaya pafupi ndi pamenepo. Mudzaona kambalame kena kakuda konyezimira, ka mlomo ndi miyendo yofiira, katakhala malo amodzimodzi tsiku lonse kakuimba. Kameneko ndi Village Indigobird. Sikamanga chisa. Kakakazi kake kamakaikira dzira m'chisa cha kofiira kaja, ndipo mwana akaswa sapha anzake, amakulira nawo pamodzi. M'kamwa mwake muli timadontho tofanana ndi ta ana enieni a m'chisamo, ndiye olera amamudyetsa osazindikira.

Akakula, ngati ndi wamphongo, amaimba nyimbo ziwiri: kukhetchera kwa mtundu wake, ndi kulira kwa amene anamulera. Ngati ndi wamkazi, amafuna mwamuna woimba nyimbo ya amene anamulera iye, ndipo amakaikira m'chisa cha mtundu womwewo. Robert Payne anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri ku Lochinvar National Park, kufupi ndi Monze, pa Kafue Flats. Mitundu ya indigobird imafanana kwambiri maonekedwe, ndipo chimene chimaisunga yosiyana ndi nyimbo ya olera. Purple Indigobird amaleredwa ndi Jameson's Firefinch, Dusky Indigobird ndi African Firefinch, Zambezi Indigobird ndi Red-throated Twinspot. Abale awo a michira yaitali nawonso ali ndi olera awo: Long-tailed Paradise Whydah amaikira kwa Green-winged Pytilia, Pin-tailed Whydah kwa Common Waxbill.

Ndiye taganizani ngati wamkazi mmodzi walakwitsa chisa. Mwana wake amakula akudziwa nyimbo yolakwika. Ngati olera atsopanowo ali kale ndi indigobird kapena whydah wawo, mwanayo akakula amakakwatirana ndi mtundu umenewo, ndipo haibulidi imabadwa. Payne ndi Michael Sorenson anafotokoza mbalame yotero mu 2004: yamphongo, mwana wa indigobird ndi paradise whydah, imene inkaimba nyimbo ya Green-winged Pytilia, koma DNA yochokera kwa mayi inaonetsa kuti mayi ake anali indigobird. Nyimbo ndi magazi pamodzi zinafotokoza mbiri ya banja lonse. Koma ngati olera atsopanowo alibe wowaikira, ana oleredwa kumeneko amangokwatirana okhaokha, ndipo m'kupita kwa nthawi umenewo ungakhale mtundu watsopano. Kumtunda kwa Zambezi, chakufupi ndi Livingstone, kunapezeka gulu la Village Indigobird loimba nyimbo ya Brown Firefinch m'malo mwa ya kofiira kathu kaja. Paja timati make mbuu mwana mbuu, koma kwa mbalame izi muyenera kufunsa kuti mayi wake uti, wobereka kapena wolera.

Kwa inu amene muli ndi foni m'manja, tanthauzo lake ndi ili: mukaona indigobird, jambulani mawu kwa mphindi zingapo, osati chithunzi chokha. Ndipo indigobird amene mlomo ndi miyendo yake zikunena mtundu wina, nyimbo n'kumanena wina, ameneyo ndi woyenera kumutsatira masiku angapo.

Kodi mahaibulidi amabereka, kapena ali ngati nyulu?

Ena amabereka, ena ayi, ndipo pali lamulo limene J.B.S. Haldane analemba mu 1922. Tizinthu ta m'thupi timene timachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi timalembedwa ndi zilembo ziwiri: mwa anthu, mkazi ali ndi XX, mwamuna XY. Mwa mbalame n'zotembenuka: yamphongo ili ndi ZZ, yaikazi ZW. Haldane anaona kuti mwa ana osakanizika, amene ali ndi zilembo ziwiri zosiyana ndiwo amayamba kuvutika, kufa msanga kapena kusabereka. Ndiye kwa mbalame ndi zazikazi. Pazilumba za Öland ndi Gotland ku Sweden, kumene Pied Flycatcher ndi Collared Flycatcher amaberekana, ana aakazi amaikira mazira osaswa, pamene amphongo ena amatha kubereka ngakhale movutikira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mitundu iwiri imatha kusakanizana pang'ono chaka ndi chaka koma osasungunuka n'kukhala umodzi.

Mbalame zochokera ku Ulaya zingatibweretsere mahaibulidi?

Zingathe, chifukwa zina mwa zimene zimaberekana kumeneko zimadzathera nyengo ya mvula kuno. Collared Flycatcher ndatchula uja amabwera m'nkhalango zathu za miombo, pamene mnzake Pied amapita ku West Africa. Thrush Nightingale, amene amaimba mobisala m'mathengo owirira cha mu Januwale ndi Febuluwale, amaberekana ndi Common Nightingale chapakati pa Ulaya, monga ku Poland. Namzeze wa ku Ulaya, Barn Swallow, amene amadzaza mawaya athu kuyambira mu Okutobala, nthawi zina amaberekana ndi House Martin, ndipo mwana wawo amakhala ndi pakhosi pofiirira pang'ono, mchira wa mphanda yaifupi, ndi pamwamba pa mchira potuwa.

Chenjezo langa ndi lakuti Zambia ili ndi anamzeze ake ambiri a pamwamba pa mchira pofiira kapena potuwa, monga Lesser Striped Swallow womanga chisa chadothi pakhonde ndi pansi pa milatho. Ana a Barn Swallow nawonso amafika kuno ali ofwifwa, michira yaifupi, akusintha nthenga. Muyambe mwachotsa onsewo. Komanso alendo ambiriwa amakhala kuno atavala zotuwa, moti ngakhale kusiyanitsa mitundu yeniyeniyo ndi ntchito.

Mpheta za m'tauni zimaoneka zosiyanasiyana. Kodi zikusakanizana?

Nthawi zambiri mukuona mitundu yosiyana, kapena yamphongo ndi yaikazi. House Sparrow si ya kuno, inabwera ndi anthu ku South Africa n'kufalikira chakumpoto. Yamphongo ili ndi chigamba chakuda pakhosi, yaikazi ndi yotuwa yokhala ndi kamzere pamwamba pa diso, ndipo ambiri amaziyesa mitundu iwiri. Ndiye pali mpheta za mutu wotuwa, zimene mu Zambia zilipo mitundu iwiri, Northern ndi Southern Grey-headed Sparrow, zofanana zedi. Yakumpotoyo ndi yokulirapo, ya mlomo wonenepa. Mpheta ya mutu wotuwa imene simukutha kuiika mbali iliyonse, ilembeni kuti mpheta ya mutu wotuwa, basi. Kulephera kusiyanitsa si umboni wa haibulidi.

Kodi kusakanizana kungabale mtundu watsopano?

Inde, ngakhale si kawirikawiri. Mpheta ya ku Italy, Italian Sparrow, inachokera ku House Sparrow ndi Spanish Sparrow kalekale, ndipo DNA yake imaonetsa mbali zonse ziwiri. Lero ndi mtundu paokha, wodzaza m'mizinda ya dzikolo. Nkhani ina inachitika anthu akuona. Mu 1981, pa kachilumba ka Daphne Major ku Galápagos, banja la a Grant linaona mpheta yamphongo yachilendo, yaikulu, yoimba nyimbo yosadziwika pachilumbapo. Inakwatira yaikazi ya pomwepo. Ana ake anaphunzira nyimbo ya bambo awo, mbalame zina za pachilumbapo sizinawafune, ndiye anayamba kukwatirana okhaokha. Patapita zaka zambiri DNA inaonetsa kuti mlendoyo anachokera ku chilumba cha Española, mtunda woposa makilomita 100. Onani kuti apanso nyimbo ndiyo inamanga mpanda.

Ndiye ndi chinthu chabwino kapena choipa?

Chikamachitika chokha kumalire a mitundu, ndi mbali ya chilengedwe, ndipo sindiona chifukwa choidera mbalame yoteroyo. Chimandidetsa nkhawa pamene mtundu wochepa wazunguliridwa ndi wochuluka chifukwa cha zochita zathu. Golden-winged Warbler uja akuchepa, ndipo kumene Blue-winged wafika, iye amakonda kuzimiririka. Kuno kwathu ndimaganiza za tizinkhwe tating'ono totchedwa lovebird. Si mbalame zoimba, koma phunziro lake ndi lomwelo. Black-cheeked Lovebird amakhala kumwera chakumadzulo kwa Zambia, m'nkhalango za mopane pakati pa Kafue ndi Zambezi, ndipo ndi ochepa. Lilian's Lovebird ali ku Luangwa. M'makola mitundu imeneyi imaberekana mosavuta ndi abale ake. Ku Kenya, chakufupi ndi Naivasha, kuli magulu a malovebird osakanizika amene anachokera ku mbalame zoweta. Sindifuna kuti zimenezo zidzafike kumene kuli athuwa.

Ine ndimaweta makanari ndi timbalame tina. Kodi n'kulakwa kusakaniza?

Alimi a mbalame ku Ulaya akhala akukwatitsa kanari ndi goldfinch kwa zaka mazana, ndipo ana ake, amene kawirikawiri sabereka, amawatcha ndi dzina lomwelo la nyulu. Kanari wofiira amene mumamuona m'masitolo anachokera ku kusakaniza kanari ndi Red Siskin wa ku Venezuela, ntchito imene inayamba ku Germany m'zaka za m'ma 1920. Zotsatira zake zinali zowawa: Red Siskin anagwidwa mochuluka mpaka lero ali pangozi yotha. Ndiye pempho langa kwa inu, achimwene, ndi la zinthu zitatu. Musatenge mbalame kuthengo kuti mukayesere. Musagulitse haibulidi ngati ya mtundu weniweni. Ndipo mukatopa nazo, musatsegule khola n'kuziulutsa, pezani woweta wina.

Ndaona mbalame imene ndikukhulupirira kuti ndi haibulidi. Ndichite chiyani?

Choyamba musaigwire. Legeni, ulimbo ndi msampha zisiyeni. Kugwira ndi kusunga mbalame zakuthengo kumafuna chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili ku Chilanga, ndipo mbalame yakufa siimbanso, sitingaonenso kuti ikuyenda ndi ndani.

Khalani pansi muiyang'ane. Agogo anga ku Katete ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa mbalame mawuwa ndi oona kwenikweni. Jambulani zithunzi zambiri, ngakhale zosaoneka bwino: cham'mbali, chakumbuyo, chakutsogolo, mchira utatambasuka, mapiko ali otsegula. Chithunzi chimodzi chimanama, chifukwa mthunzi wa tsamba kapena dzuwa la madzulo zimasintha mtundu. Jambulani mawu. Lembani pomwepo, musanatsegule buku, mtundu wa diso, mlomo ndi miyendo, kukula kwake poyerekeza ndi pumbwa kapena mpheta, tsiku ndi malo. Onani zimene ikuyenda nazo: ikudyetsedwa ndi ndani, ikuthamangitsa ndani, ikuimbira ndani. Kenako bwererani pakatha mlungu, mubwererenso pakatha mwezi. Mbalame yosintha nthenga idzakhala itasintha, ya mungu idzakhala itayera, koma haibulidi idzakhala chimodzimodzi.

Mukatero tumizani kwa anthu a BirdWatch Zambia, bungwe limene kale linkatchedwa Zambian Ornithological Society, kapena ikani pa iNaturalist ndi eBird, kumene anthu odziwa angaone. Pa eBird pali malo olembapo mbalame imene mwaizindikira banja lokha osati mtundu, ndipo kulemba choncho n'kwaulemu kuposa kukakamiza dzina.

Nanga mapulogalamu a pafoni ozindikira mbalame?

Amathandiza pa mbalame wamba, koma anapangidwa kuti apereke dzina la mtundu. Akakupatsani mayina awiri osiyana pa zithunzi ziwiri za mbalame imodzi, nthawi zambiri vuto ndi chithunzi kapena kuwala.

Kodi DNA ndiyo yokha ingatsimikize?

Pa mahaibulidi ambiri a mbalame zoimba, inde. Nthenga imodzi kapena kadontho ka magazi n'kokwanira, ndipo amatenga ndi anthu okhala ndi chilolezo choveka mbalame mphete, n'kuiulutsanso. DNA ya mu mitochondria, tizigawo tating'ono ta m'maselo a thupi, imachokera kwa mayi yekha, ndiye imanena mtundu wa mayi. DNA inayo imachokera kwa onse awiri, ndiyo imaonetsa ngati pali kusakanizana ndi kuti kunachitika mibadwo ingati yapitayo. Umu ndi mmene zinadziwikira kuti kambalame kena kachilendo kamene kanaoneka ku Pennsylvania mu 2018 kanali ndi magazi a mitundu itatu: mayi ake anali Brewster's Warbler, yemwe ndi haibulidi kale, bambo ake Chestnut-sided Warbler. Chinayambitsa zonsezo ndi munthu wamba amene anajambula kambalameko pamalo ake, n'kukajambulanso kakuimba, n'kutumiza kwa ofufuza.

Ndiyambire pati ngati ndikufuna kudzaizindikira ndikadzakumana nayo?

Yambirani pa mbalame khumi za pabwalo panu, muzidziwe mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu: pumbwa wamkulu ndi mwana wake, tchete wa m'chilimwe ndi wa m'dzinja, mpheta yamphongo ndi yaikazi. Zambia ili ndi mitundu yoposa 750, koma diso limaphunzira pa zochepa zimene limaona tsiku lililonse. Ikafika Febuluwale, pitani kumene kuli udzu wautali ndi zitsamba, kaya ku Lusaka National Park, kunjira ya Leopards Hill kapena kumbuyo kwa minda ya ku Chongwe, mupeze indigobird mmodzi pamtengo wake. Amabwerera panthambi yomweyo tsiku ndi tsiku. Mverani mpaka muthe kusiyanitsa kukhetchera kwake ndi timaliu tofewa timene anaphunzira m'chisa, kenako yang'anani pansi pa zitsamba zapafupi kuti muone kambalame kofiira kamene kamalira chimodzimodzi.